Amene Anatcha Fanuwelo Dzina

Ndamva. Musaganize kuti poti maso anga achita chifunga ndiye kuti makutunso anatha ntchito. Chichokereni galimoto yoyera ija sabata yatha, mwakhala mukunong'onezana kuseri kwa khola kuti anganga ali ndi mtima wa mwala, eti analiritsa mayi wolemekezeka wochokera kutali, osamupatsa ngakhale madzi akumwa. Iwe Esinati ndiwe unayambitsa, usayang'ane pansi. Inu simunalipo tsiku limenelo, munali kusukulu, zonsezo mwangotola pamjigo. Ndiye khalani apa, tengani malichero, mpunga uwu sudzipeta wokha. Mafoniwo abwerere m'matumba. Ndikuuzeni za mayi ameneyo, ndi za amalume anu Fanuwelo, amene mumawaombera m'manja kumbuyo n'kumaseka poona kuti sakutembenuka. Zimenezonso ndimaziona.

Amalume anuwo sanabadwe osamva. Yambani mwadziwa chimenecho.

Pakati pa amayi anu Rozina ndi Fanuwelo pali ana awiri amene simunawaone. Onse anapita ndi malungo asanayambe kuyenda bwinobwino. Inu mumadandaula udzudzu mutagona m'masikito, ena mpaka mumatchingira nawo mbewu kudimba. Ife tinkafukiza ndowe za ng'ombe ndi masamba a mphungabwi, utsi kudzaza nyumba, ana kutsokomola, udzudzu uli phee kudikira kuti moto uzime. Mvula ikayamba, njira ya kumanda inkayera ngati ya kuchitsime. Mwana akatentha thupi unkathamangira ku okala kukagula timapiritsi towawa, kuphwanya pa supuni, kumutseka mphuno kuti ameze. Ena ankachira. Anga awiri sanachire. Ndiye nditazindikira kuti ndaimanso, sindinasangalale ayi. Ndinali ndi mantha okhaokha.

Malemu agogo anu aamuna anali munthu wa panyanja. Ankakhala ku zimbowera, tinyumba tija asodzi amamanga pamwamba pa njedza zoyandama pakati pa madzi, mwezi kutha osaponda kumtunda. Ine ndinkayanika matemba ku doko la Kachulu. Si Kachulu wa lero wa maminibasi ndi nyimbo zoboola m'makutu. Kunali njinga zokhazokha, amalonda ochokera ku Songani ndi ku Zomba, madengu aakulu kumbuyo, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Matemba tinkayeza ndi mbale, ndipo mbale yanga inkadzaza mpaka kusefukira, kafunseni aliyense wa msinkhu wanga. Makumba tinkawang'amba n'kuwawamba, mafuta kumachita kudontha pamoto. Nsomba zinalipo nthawi imeneyo, osati tinyenyeswa mukukanganiranatu iti. Koma ndasochera, ndimati ndinene za kusikelo.

Tsiku lina tili pansi pa mtengo kudikira sikelo ya amayi oyembekezera, panaima galimoto yoyera yaitali miyendo. Munatuluka mayi wamng'ono thupi wovala nsapato zoyera, ndipo phazi loyamba lomwe linamira m'matope akuda a kuno. Tonse tinaseka. Nayenso anaseka, anavula nsapatozo n'kuzinyamula m'manja, n'kudzakhala pansi pakati pathu. Amenewo ndiwo a Edina, namwino wa anthu a kafukufuku. Ndinawakonda pomwepo, sindibisa.

Anatifotokozera bwinobwino, sindingawanamizire. Anati pali mankhwala amene akufuna kuona ngati angateteze mayi ndi mwana ku malungo munthu asanadwale. Anati azimayi ambirimbiri, kuno ndi madera ena, alowa nawo. Ena azilandira mankhwala enieni, ena azilandira ofanana nawo maonekedwe koma opanda mphamvu, ndipo palibe adzadziwe kuti wagwera mbali iti, ngakhale iwo omwe a Edina. Mwana akabadwa azimutsatira mpaka atakwanitsa zaka zisanu. Azititenga magazi pang'ono nthawi ndi nthawi. Mwana akadwala, kaya kuli dzuwa kaya kuli mvula, galimoto izibwera kudzamutenga. Zina zonsezo zinangondidutsa, ine ndinamva za galimotozo. Ndinali woyamba kudinda chala.

Agogo anu atatsika ku zimbowera n'kumva nkhaniyi, anandifunsa akusenda chinangwa.

"Make Rozina, anthu amenewa mukuwadziwa kwawo?"

"Kwawo n'kuchipatala."

"Chipatala si kwawo kwa munthu. Mlendo ndi mame. Dzuwa likakwera mudzamuona kuti?"

"Nanga inu a kwathu konkuno, munandipulumutsira mwana uti?"

Anangopitiriza kusenda chinangwa chawo. Pakamwa panga panathwa kalekale, si za ukalamba izi.

M'mudzi muno munali phokoso. Anthu ankati amenewa ndi anamapopa, magaziwo akukagulitsa kunja. Ena akangoona galimoto ankathawira m'mpunga. Ine ndi amene ndinkalimbana nawo. Pachitsime ndinkapinda mkono kuwaonetsa pobayidwa, ndinkati taonani, timagazi tosadzaza ngakhale kachivindikiro ka botolo, udzudzu wa kuno umamwa oposa apa osakupatsa ndi piritsi lomwe. Azimayi ambiri analowa chifukwa cha pakamwa panga. A Nachisale, oyandikana nawo nyumba aja anamwalira chaka chatha, atadzaima pambuyo pake ndinachita kuwakoka dzanja ndekha kupita nawo kukalembetsa. Akuluakulu a kafukufukuyo akabwera, azungu ofiira ndi dzuwa, a Edina ankandiloza n'kumati mayi wathu wolimba mtima ndi uyu. Ndinkamva kukoma ngati galu womusisita pamutu.

Tsopano mumve za chinjira, poti inu a masiku ano anzanu mumawapeza m'foni n'kuwataya m'foni momwemo. Kale mkazi akagwirizana ndi mkazi mnzake wosakhala m'bale wake, ankapangana chinjira. Umamutengera mphatso poyera anthu akuona, iye n'kubweza, ndipo kuyambira pamenepo mumaitanana kuti anjira. Si zocheza chabe ayi. Anjira ako akadwala umasiya khasu n'kukawadwazika. Kwawo kukagwa maliro umafika usanaitanidwe. Ana awo ndi ako, ako ndi awo. Chinjira sichikhala ndi tsiku lothera.

A Edina ankalowa m'nyumba mwanga mwezi ndi mwezi. Ankadziwa za m'thupi mwanga zimene ngakhale agogo anu sankazidziwa. Ankandifunsa zimene ndadya, mmene ndagonera, ngati mwana akugunda m'mimba. Ndani anandifunsapo zotero chibadwire? Ankadya nafe mlamba wowamba ndi manja, n'kumanyambita zala. Titakolola ndinawasenzera mtanga wa mpunga wa faya, wonunkhira mudzi wonse uja, mpaka pa galimoto. Mwezi wotsatira anandibweretsera chitenje cha maluwa obiriwira.

"Ndiye kuti ndinu anjira anga tsopano," ndinatero.

Anaseka n'kundikumbatira. "Eya, anjira!"

Ine mawu amenewo ndinawatenga monga timawatengera kuno. Kaya iwo anawatenga bwanji, kaya kwawo chinjira kulibe, sindinafunse, poti zotero sitifunsana.

Nthawi yanga itakwana galimoto inabweradi. Ndinakachirira kuchipatala koyamba m'moyo wanga, pa bedi lachitsulo lozizira, ine wozolowera mphasa ndi azamba. Mwana wamwamuna. Mchombo utagwa, dzina linayenera kuchokera kwa achimwene awo a agogo anu, ndipo anali atakonza kale nkhuku yawo. Ine ndinakana. Ndinati mwana uyu amutcha ndi anjira anga. Panabuka mkangano, alamu angawo sanapondenso pakhomo pano mpaka tinakolola kawiri. Mudziwe kuti wotcha mwana dzina sakhala munthu wamba kwa mwanayo. Amakhala kholo lake lina. Akadwala amauzidwa, akamakwatira amakhala kutsogolo. Ulemu umenewo ndinaulanda kwa m'bale n'kuupereka kwa mlendo, ndipo ndinkadziwa chimene ndikuchita.

A Edina anamunyamula misozi ili lengelenge. Anati, "Akhale Fanuwelo, dzina la malemu bambo anga." Kuyambira tsiku limenelo akangotsika galimoto ankafuula, "Fanuwelo! Ababa anga ali kuti?" Anamugulira kachipewa koluka ndi tinsapato tosagwirizana ndi matope a kuno.

Lamulo lawo lalikulu linali limodzi, ndipo ankalibwereza ulendo uliwonse. "Anjira, mwana akatentha thupi musamupatse mankhwala a ku okala, musapite naye kwina, musamumwetse zitsamba. Mukasakaniza mutisokonezera zonse. Tumizani uthenga, ife tibwera." Ndinamvera. Ndipo ankabweradi. Unkangotuma wa njinga wopita kumtunda kuti akasiye mawu pa kachipatala kawo, dzuwa lisanapendeke galimoto yafika. Mwana kumubaya kachala, magazi kuwayang'ana pa makina, mankhwala, mawa lake ali pabwalo akusewera. Zaka zonsezo sindinagulepo piritsi. Njira ya ku okala ndinaiiwala, ya kwa asing'anga inamera udzu.

Masiku a sikelo yawo anali ngati a chikondwerero. Tinkachapa, kudzola mafuta, kuvala za kutchalitchi. Ana ankawapachika pa mbedza m'kabudula wa nsalu, kuwayeza mutu, kuwayeza mkono, kuwasuzumira m'maso. Mafunso ndiye osatha. Wachita chimbudzi chotani, wagona mbali iti ya nyumba, wadya chiyani dzulo. Ife tinkaseka kuti anthu ophunzira chonchi angayende mtunda wonsewu kudzafunsa za chimbudzi cha mwana. Koma mumtima tinkanyada. Munthu wa kunyanja kuno sazolowera kuti wina amusamale mpaka pamenepo.

Fanuwelo anakula wonenepa, wolongolola ngati amake. Inu mumawadziwa amalume anu ali duu, koma kamwana kameneko sikankatseka pakamwa. Nyimbo za kutchalitchi kankazigwira kakangomva kamodzi. Ndiye makutu! Galimoto ija kankaimva isanatulukire n'komwe, ife akulu tisanamve kanthu. Kankasiya phala n'kuthamangira kumsewu kakufuula, "Amayi Edina! Amayi Edina!" Ife tikati ukunama iwe, pakapita kanthawi fumbi lija n'kuonekadi.

Chaka china nyanja inaphwa. Mabwato anagona pa dothi long'ambika, anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Mabanja ambiri anasamuka kukafuna ganyu, ena ku Phalombe, ena mpaka ku Mozambiki. Agogo anu anati nafenso tipite kwa abale awo kutsidya, kumene kunali chinangwa. Ndinakana. A Edina anali atandidandaulira kuti ana ambiri akuwasowa, ntchito yawo iwonongeka. Ndinati ife tikachoka, Fanuwelo akamupeza kuti? Tinakhala. Tinadya madeya ndi nyika zokumba m'dambo, Rozina mpaka tsitsi linafiira, koma tsiku la sikelo silinatiphonye.

Atakwanitsa zaka zisanu anatiitana pamodzi ndi ena a msinkhu wake. Anatipatsa beseni la pulasitiki, sopo ndi zakumwa za m'botolo. Anatijambula. Bwana wina anayamika, anati ana awa amaliza, atuluka m'kafukufuku ali amoyo ndi athanzi, ife n'kuomba m'manja. Musaganize kuti sindinamve. Ndinamva ndithu kuti za mapiritsi ndi magazi zatha. Koma za anjira anga ndi mwana wawo, zimenezo zikanatha bwanji? A Edina anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tizionana, anjira." Munthu wochoka amatsazika. Amati ndapita, tsalani bwino, mukavutika muzidzera uku. Iwo anati tizionana.

Mvula ya chaka chomwecho, mpunga tangowokera, Fanuwelo anadzuka thupi lili moto. Madzi anali atabwerera m'nyanja, agogo anu ali ku zimbowera. Ndinachita zimene ndinkachita nthawi zonse. Ndinatuma wa njinga akasiye mawu kuti ababa a Edina adwala. Kachipatala kawo kanali kakugwirabe ntchito, poti ana obadwa pambuyo, ngati wa a Nachisale, anali asanamalize. Ndinakhala pakhonde maso ali kumsewu. Mayi wina anandibweretsera mapiritsi otsala a mwana wake, ndinawabweza, ndinati a Edina analetsa. Tsiku linatha. Pambuyo pake ena ankati unapusa, ukanathamanga naye. Onenawo sanakhalepo zaka zisanu akuuzidwa kuti dikira, galimoto n'kumabweradi. Mlandu umenewo ine sindiuvomera, ndipo sindidzauvomera.

M'mawa mwake mwana anayamba kukomoka, maso kutembenuzika, khosi kuuma gwaa. Ndili mkati momupukuta ndinamva kulira kwa injini. Ndinati Mulungu alipo. Ndinamubereka ndi chitenje chija cha maluwa obiriwira n'kutuluka chothamanga. Galimoto inadutsa pakhomo panga n'kukaima kwa a Nachisale. Mwana wawo ankatsegula m'mimba.

Munatuluka bambo wa malaya oyera amene ndinali ndisanamuonepo.

"Achimwene, a Edina ali kuti?"

"A Edina anachoka, mayi. Anapita kusukulu kunja."

"Anachoka? Nanga uthenga wanga?"

"Uthenga unafika. Koma mwana wanuyo anatuluka, sali m'pulogalamu. Thamangani naye kuchipatala cha boma, wadwalatu ameneyu."

"Ndiye tinyamuleni, si mukulowera komweko?"

"Galimoto iyi siloledwa kunyamula amene sali m'kafukufuku. Zikachitika zina panjira, ntchito yanga ndi ya adalaivala yatha."

A Nachisale anali atakwera kale. Anatsika akulira. "Bwana, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndimufungatira ine pamiyendo, simumuona n'komwe."

Bamboyo anayang'ana adalaivala, adalaivala anayang'ana kutsogolo. Sanali munthu wankhanza, nkhope yake ndimaikumbukira, inali ya mantha. Anamugwira mwana pachipumi, anapukusa mutu, anakweza a Nachisale n'kutseka chitseko. Mipando yakumbuyo inali yopanda munthu. Ndinaiona ndi maso angawa pamene galimoto inkatembenuka.

Za ulendowo sindikonda kunena. Matope a kuno mukuwadziwa, amavula munthu nsapato, ndiye taganizani ndi mwana wamkulu kumsana. Wogula nsomba wina anandimvera chisoni, anatsitsa dengu lake n'kutikweza pa njinga, koma pena tinkakwera pena tinkakankha. Pa kachipatala kapafupi anati mankhwala a matenda ofika pamenepa alibe, pitirirani ku tauni. Tinadikira matola, lole yodzaza matumba a matemba, ndinakhala pamwamba pake mwana akugwedezeka m'manja. Kuchipatala chachikulu anamulandira msanga, anamuika madzi, anamubaya jakisoni. Dokotala anangofunsa kuti, "Mayi, munali kuti nthawi yonseyi?" Ndinati ndimadikira galimoto. Sanamve chimene ndimatanthauza, ndipo ndinalibe mphamvu zofotokozera.

Anagona masiku ambiri osadziwa kanthu. Tsiku limene anatsegula maso ndinavina m'wodimo, anamwino n'kumandiseka. Anapempha madzi. Anadya phala. Kenaka atayang'ana kukhoma ndinamuitana, "Fanuwelo." Sanatembenuke. Ndinati mwina watopa. Mbale yachitsulo inagwa pa simenti, odwala onse anadzidzimuka, iye ali chiyang'anire kukhoma. Dokotala anati matendawo anafika kumutu, makutu afa ndipo sadzabwerera.

Mawu amene anali nawo anayamba kuthothoka limodzilimodzi. Poyamba ankaimbabe, nyimbo zokhotakhota, anzake n'kumamuseka, mpaka anasiya. Kusukulu anamubweza, aphunzitsi anati alibe njira yomuphunzitsira, ndipo sukulu ya ana otero inali kutali kosafikika ndi ife. Agogo anu atatsika kunyanja sananene kuti ndinakuuza. Bola akanatero, tikanakangana n'kuthana nazo. Anangomutenga mwanayo n'kuyamba kumuonetsa ndi manja kuluka mono ndi kusoka ukonde. Chilankhulo cha manja chimene timalankhula naye ndi chathuchathu, tinachipanga tokha pakhomo pano, ine ndi iye ndi amayi anu. Anthu aja ndinkalimbana nawo pachitsime anapeza ponenera. Ankati si uyo, anasinthanitsa makutu a mwana ndi beseni. Beseni limenelo ndinakaliponya m'nyanja.

Ndipo musandione ukali lero n'kuganiza kuti ndinawataya msanga anjira anga. Tikakolola ndinkapatulabe mtanga wa faya n'kuupachika kudenga. Ndinkati akabwera kusukulu kwawoko adzamva, adzathamangira kuno, adzakhala pamphasa n'kupepesa, ine ndidzawakalipira kenaka ndidzawaphikira. Mpungawo unkadyedwa ndi anankafumbwe. Ndinachita zimenezo mpaka agogo anu, tsiku lina, anatsitsa mtangawo n'kukauthirira nkhuku.

Patapita zaka tinamva pa wailesi kuti mankhwala aja apezeka kuti amathandiza, ndipo anayamba kuperekedwa kusikelo kwa aliyense. Amayi anu ankamwa ali oyembekezera aliyense wa inu. Taonani mmene mulili mbwee pabwalo pano, palibe amene tinamuika m'manda. Ndiye musapite kukanena kuti anganga akuti kafukufuku ndi ufiti. Sindinatero. Magazi anga ndi a mwana wanga anagwira ntchito, ndipo inu ndinu phindu lake. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti anatiphunzitsa kudikira, n'kuchoka osatiuza kuti lekani kudikira. Ngakhale zotsatira zake palibe anabwera kudzatiuza, tinamvera limodzi ndi anthu amene sanabayidwepo. Mpaka lero sindidziwa ngati ine ndinkamwa enieni kapena opanda mphamvu aja. Zimandipsetsa mtima, ndipo ndidzapita nazo kumanda zikundipsetsabe.

Ndiye sabata yatha ndili pakhonde kusankha nyemba, galimoto yoyera inaima apo. Munatuluka atsikana awiri onyamula mafoni aakulu, kenaka mayi wonenepa, wa imvi, wa mandala. Ndinawazindikira ndi kuseka kwawo.

"Anjira! Anjira anga, mukadali moyo!"

Anandikumbatira. Ine manja anali m'lichero, ndinawasiya momwemo.

"Tili moyo. Mwayenda bwanji?"

Anati anakhala kunja nthawi yaitali, tsopano ndi mkulu wa kafukufuku watsopano. Akufunafuna ana onse aja, poti tsopano ndi anthu akuluakulu, kuti aone mmene matupi awo akuyendera, awayeze mtima, awatengenso timagazi.

"Ndinawauza atsikanawa kuti tiyambire pano," anatero. "Mwana wathu ali m'gulu la amene anamaliza bwino, opanda vuto lililonse. Ndakhala ndikumutchula m'misonkhano kunja konseko. Ali kuti? Ababa anga ali kuti?"

Amalume anu anali pansi pa mtengo wa mango uwo, pa kampando kawo, atatifulatira, akuluka mono. Ndinaloza ndi mlomo.

"Fanuwelo!" Mawu awo omwe aja, sanakalambe. "Fanuwelo! Ababa!"

Manja a amalume anu ankangopitiriza kuluka. A Edina anaseka n'kundiyang'ana.

"Wandikwiyira eti? Kapena ndi manyazi?"

"Itananinso," ndinatero.

Anaitananso mokweza, mpaka nkhuku zinabalalika, anthu anatulukira kumipanda. "Fanuwelo! Ndine amayi Edina!"

"Itananinso. Dzinalo munatcha ndinu."

Sanaitanenso. Kuseka kunachoka pankhope. Anayenda pang'onopang'ono kuzungulira mtengo mpaka anakaima kutsogolo kwake. Fanuwelo anaona mapazi, anadzutsa mutu, anaona mayi wachikulire wachilendo. Mwana wanga ndinamulera ndi ulemu. Ananyamuka, anapukuta kampando ndi dzanja n'kuwapatsa, iye n'kukhala pansi kupitiriza mono wake. Sanawazindikire.

A Edina sanakhale. Anabwerera kwa ine.

"Anjira, chinachitika n'chiyani? Liti?"

"Mvula ya chaka chomwe munati tizionana."

Ndinawauza zonse, za uthenga, za mapiritsi ndinabweza, za mipando yopanda anthu. Analira. Ankati sindinadziwe, palibe anandiuza, ulendo unabwera mwadzidzidzi. Ndikukhulupirira kuti sanadziwe. Koma wotcha dzina sadikira kuuzidwa, amafunsa. Zaka zonsezi ankamutchula kwa azungu, osamufunsa kwa amake.

Mmodzi wa atsikana aja, mwaulemu ndithu, anagwada n'kunena kuti, "Agogo, pepani kwambiri. Ndiye tingawatengebe magazi achimwenewa? Mutilola?"

"Ine? Ameneyo ndi bambo wandevu. Inu mumati munthu azivomera yekha atamva bwinobwino. Kamufotokozereni, amve, avomere."

Anayang'anana. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kulankhula naye. Anaima kanthawi, kenaka anakwera galimoto. A Edina anati adzabweranso, ine ndinati yendani bwino. Potembenuka pafupi ndi mtengowo adalaivala analiza hutala. Mwana uja ankasiya phala galimoto isanatulukire sanadzutse n'komwe mutu.

Nkhani yake ndi imeneyo. Iwe Esinati ndamva ukuti ukufuna unamwino. Kaphunzire, sindikuletsa. Koma kumene akakutumeko, mayi wina akadzakupatsa mwana kuti umutche dzina, udzayambe wadzifunsa ngati udzabwere galimoto italeka kubwera. Ngati sudzabwera, udzakane, akwiye tsiku limodzi.

Mukafuna kundinenabe kuti ndili ndi mtima wa mwala, ndineneni, ine ndikudziwa kumene ndinautola. Mpungawo mwaupeta mwaulesi, mankhusu akadalimo, mubwerezanso. Tenga madzi awa, Esinati, ukapatse amalume ako, dzuwa lawatentha. Usawadzere kumbuyo. Uzungulire, udzere kutsogolo kuti akuone.